Fumbi la Lolemba

Lolemba nyumba ya ziboliboli muno mu Firenze imakhala yotseka.
Ndilo tsiku langa nazo.
Ndimakwera makwerero ndi kaburashi ka ubweya wa mbuzi
kukapukuta khutu la mnyamata wamwala
amene waima chiimire zaka mazana asanu,
bondo limodzi lopinda ngati akuti achoke.

Pachidendene pake pali pamene tchizulo inaterereka.
Alendo sapaona. Ine ndimapapatsa moni.

Bambo anga, a Ermete, ankazunguza makina a kanema
kutsidya kwa Arno.
Ndinkakhala pa bokosi lamalata, miyendo lende,
kuonera osema a m'mafilimu akale:
ndevu zomata, maso psuu,
nyundo katatu kokha, nkhope n'kutuluka m'mwala.
"Bodza limenelo, Fosca," ankatero uku akuseka,
"nsangalabwi ya ku Carrara imadya moyo wa munthu."
Koma magetsi akayaka ankabisa nkhope.

M'nyumba ya kanema ija pano akugulitsamo nsapato.

Madzulo ndimatsika, mawondo akulira,
fumbi la mnyamata uja lili m'makwinya a dzanja langa,
ndipo sindifulumira kusamba.