Pulagini Sisankha Mawu

Magetsi abwera teni koloko usiku.
Kapata wagona, njinga zatsamira makoma,
ine ndatsegula laputopu patebulo la telala
amene amandibwereka soketi.

Khodi ndi imodzi, makomo ake atatu:
foni yong'aluka ya wogula soya ku Mchini,
aifoni ya bwana wa kampani,
ndi kompyuta ya kalaliki wa kudepoti.
Lolemba anyamata a ku Katete adzafuna kulumikiza pulogalamu yawo
ndipo aliyense adzayamba ndi "kodi".
Kodi tigogode pati?
Kodi nambala iyi ndi makilo kapena matumba?
Sindingayankhe foni mpaka kukolola.

Ndiye ndawonjezera mizere inayi mufayilo yomangira,
ndaitana pulagini, ndadina.
Yalowa chipinda ndi chipinda
ikutola ndemanga zimene tinasiya pamwamba pa ntchito iliyonse,
za onse paokha, za Androidi paokha,
n'kuzisoka kukhala masamba
mofulumira kuposa makina amene ndawasunthira pambali.

Masamba ena atuluka oyera, mbee,
dzina pamwamba, pansi palibe kanthu.
Amenewo ndi anga.
Ndi "ndidzalemba mawa" wa mu Febuluwale,
tsopano wavala taye.

Koma pa tsamba la kulemera kwa thumba
ndakumana ndi Zindaba Miti,
amene anapita ku Solwezi mwezi wa Juni
osatsanzika bwino, ngongole ya mabando ili kwa ine.
Pulagini yamutola monga analembera:

"Apa musachotsepo.
Thumba lopanda kanthu sililemera kilo yathunthu.
Amayi anadulidwa kilo pa thumba lililonse
zaka zisanu ndi zinayi, ku Chiparamba,
akuthokoza."

Mawu otere salowa m'buku la kampani.
Ndaika chala pa batani lofufutira.
Panja galu wauwa lole yopita ku Mwami,
udzudzu walira m'khutu, n'kusintha khutu.

Ndangokonza chilembo chimodzi chimene anaphonya,
pansi pake ndalemba: magalamu, osati makilo.
Ndamanganso.

Tsopano amayi a Zindaba ali pa makomo onse atatu,
ndipo wa ku Katete akadzafika pa chipata ichi
adzawapeza atakhala pamenepo ndi matumba awo.

Kwatsala masamba anga oyera, khumi ndi limodzi.
Magetsi amapita faifi koloko.