Ndinatsegula Osatseka

Magetsi abwera teni koloko usiku.
Fani ikungotakasa kutentha kwa Bangula,
ine ndili pa kompyuta ya kalabu ya alimi a thonje
ndi lipoti la madzi a chaka chatha.

Papepala linatuluka bwino,
mizere yowongoka ngati ngalande za ku Nchalo,
mpaka a Zuze Alufandika, amene sayamika munthu,
anati takhuta.

Tsono akuti likhalenso pa intaneti,
ana awo ku Joni aliwerenge pafoni.
Pulogalamu yosandutsa ili ngati wapabwato wa pa Mtayamoyo:
amawolotsa katundu amene akumudziwa,
wina amamusiya padoko.
Wandisiyira mzere umodzi womwe ndimafuna ufiire,
wa tsiku lomwe Ruo anakankha Shire
madzi n'kufika pazenera la sukulu.

Ndiye ndalemba ndekha m'chinenero cha tsambalo,
mawu aawisi,
pakati pa timilomo tiwiri tosongoka
tonga kamwa la ng'ona.
Wapabwato wawayesa katundu wamba,
wawakhuthula poyera, timilomo tili yasa,
aliyense aone matumbo a ntchito yanga.

Kachiwiri ndawakulunga n'kulembapo:
izi usamasule, usakonze,
si za tsidya lino, ungowolotsa.
Zawoloka.

Koma ndinatsegula osatseka.
Kufiira kwayambira pa tsiku lija
n'kusefukira mpaka pansi.
Maina a olandira mbewu ali psuu,
mtengo wa thonje pa kilo,
ngongole ya mankhwala a mbozi,
ngakhale mawu othokoza a komiti,
zonse zamira.
Ndagwira pakamwa.
Izi ndinazionapo
ndili padenga ndi mbuzi imodzi,
ndikuwerenga mitengo yomwe yatsala.

Chotsekera chake n'chaching'ono,
kamzere kopendama
ngati nkhafi yotsamira khoma.
Ndakaika.
Madzi abwerera m'khwawa mwake,
watsala mzere umodzi wofiira,
monga ndimafunira.

Chaka chatha ndinalibe kamzere kotere.

Ndasindikizanso pepala kuti ndione.
Palibe chasintha.
Inki sidziwa zomwe ndabisa pakati pa ndime,
imangodumpha ngati wodumpha chithaphwi.
Udzudzu wandimaliza akakolo.
Mawa a Zuze adzaimika njinga pakhomo
n'kufunsa ngati zatheka,
ndidzati eya, zinali zosavuta.