Bokosi la Njerwa

Andituma ku Chinamwali ndi mapepala makumi anayi,
mafunso obadwira kutsidya kwa nyanja,
omasuliridwa usiku umodzi ku Chirunga
ndi munthu amene ankasinza.

Funso lachisanu ndi chiwiri:
"Masabata awiri apitawa, mwakhumudwa kangati?
Sankhani, wani mpaka faifi."

Abiti Chande akusenda chinangwa, osandiyang'ana.
"Kukhumudwa? Chala chake ndi ichi, chinapola.
Koma pamtima apa pali munthu wosenza njerwa,
sachoka chimwalirireni Sitola."

Ndafufuza bokosi la njerwa. Palibe.
Ndachonga firii, pakatikati,
pobisala tonse osadziwa.

Kenaka aona sopo m'chikwama changa.
"Mwanawe, olandira ndi ati, odwala kapena abwino?
Lemba zokondweretsa abwana ako."

Madzulo ku ofesi madokotala awiri akukangana.
Wina akuti manambala sanama.
Winayo akuti nambala ilibe makutu,
tikhale pamkeka, timve nkhani.
Woyamba: nkhani ya munthu mmodzi si mudzi.
Wachiwiri: nanga ophunzira ako makumi asanu aja,
oyankha pofuna malikisi,
ndiwo dziko lonse?

Palibe wandifunsa ine
amene ndinasankha nyumba za m'mbali mwa msewu
poopa matope ndi agalu a kumtunda.

Nkhungu yatsika m'phiri, yaphimba Mulunguzi.
Kompyuta yameza firii wa Abiti Chande,
yati ali bwinoko.
Njerwa zija ndabwera nazo kwathu ku Matawale
pa kabaza wa ngongole,
ndipo sindikudziwa pozitula.