Keyala ya Nsapato za a Matewere

A Matewere amasoka nsapato ku Limbe, kuseri kwa msika.
Ukawafunsa njira amati: udutse pachigayo,
ukhote pampanda wa malata ofiira,
ukamva fungo la guluu, wafika.

Koma pa webusayiti imene ndinawakonzera
nsapato iliyonse keyala yake ndi chizindikiro chofunsira
ndi manambala, 4417,
ngati mkaidi wa ku Chichiri.

Lero magetsi ayaka mochedwa kuno ku Chilomoni.
Laputopu pamiyendo, ndikulambula njira:
dzina la shopu,
kamzere kopendekeka,
nsapato,
kamzere kenanso,
zasukulu.
Masandasi ndawapatsa msewu wawowawo,
malamba nawonso, ngakhale alipo atatu okha.

Ndadina. Tsamba layera mbee, 404.
Ndinaiwala kusunganso,
makina akadalozabe kukhomo lakale
ngati kondakitala amene sanamve kuti siteji inasamuka.

Ndasunga, ndadinanso.
Iyo! Yakuda, saizi faifi, zingwe zomangamanga.

Kutacha ndawawerengera keyalayo pafoni.
Akuti bwereza, mwanawe, pang'onopang'ono,
burashi ili m'manja,
ndikulemba ndi penti pachitseko.