Malire a Pakati pa Phula

Ndimagawa makalata ku Bilston,
msewu womwewu, zaka khumi ndi chimodzi.
Agalu ake ndimawadziwa ndi kauwidwe,
zitseko ndi kulira kwake.

Lero m'chikwama muli makadi a chisankho.
A pa nambala 1, 3, 5, mpaka kumapeto,
akavotera ku holo ya tchalitchi, mwa masiku onse.
A pa 2, 4, 6 apite kusukulu ya kuseri kwa njanji.
Asamutsidwa ali m'tulo,
osanyamula ngakhale mpando.

Akuti mu ofesi ina, kutali,
anawerenga mitu yathu napeza kuti tachuluka
ndi zikwi zinayi ndi kakuti.
Ndiye anatenga cholembera
nadula pomwe masamu athera.
Masamuwo anathera pakati pa phula.

Ndaufunafuna mzerewo.
Ndangoona woyera uja wa magalimoto, wofufutika kalekale,
ndi chithaphwi cha pa nambala 14
chimene mvula imadzaza osafunsa kuti n'cha phungu uti.
Mphaka wa a Sandhu wawoloka malire kanayi m'mawa uno.

Koma mayi Hollinshead a pa 22 akuudziwa.
Zaka ziwiri akhala akulembera phungu wawo
za chuku chakuda chimene chamera pakhoma la kuchipinda,
ndipo mayankho ndinkabweretsa ndine.
Lomaliza linati nkhani yawo ili pafupi.
Andiimitsa pakhomo, khadi m'manja, magalasi pamphuno:
"Ndiye ndiyambirenso? Kwa yani?"
Chifuwa chawadula mawu.

Ndasowa choyankha. Ine yanga ndi miyendo basi.

Mng'ono wawo Doreen amakhala pa 23, khomo kuyang'ana khomo.
Tsiku la voti ankapita atakolekana mikono
chifukwa cha bondo la mkuluyo,
akukangana njira yonse, poti savotera chipani chimodzi.
Chaka chino wina alowera kumtunda, wina kumunsi.
Doreen akuti adzawaperekeza kaye, kenaka n'kubwerera.
Mkulu wake akuti asavutike, voti yakeyo n'njotaya kale.

Ndatsika mbali ino, ndakwera mbali inayo,
madera awiri m'nsapato imodzi yolowa madzi.

Madzulo ndafika kwanga.
Langa ndalipeza pansi, kuseri kwa chitseko,
laponyedwa ndi mnzanga amene amagawa kwathuko.
Ndisanavule chipewa
ndawerama kaye kuona kumene andiika.