Beseni la Lachinayi Loyera

Madzulo a Lachinayi Loyera, m'tchalitchi cha kumunsi kwa phiri,
ndine ndinafunditsa madzi.
Amuna khumi ndi awiri anandanda pabenchi,
aliyense atasamba kale kwawo,
zikhadabo zowenga bwino, masokosi atsopano.
Bambo Casimiro anagwada, bondo lawo likulira ngati chitseko chakale,
nathira madzi pa mapazi oyera kale,
napukuta, napsompsona.
Ine ndinanyamula thaulo, misozi ikulengeza.
Kulira kwa m'tchalitchi sikuvuta.

Kenako masitepe.
Valparaíso ndi mzinda wopachikika pamasitepe,
ndipo pakati pa chitunda, ndisanafike kwanga,
pamakhala Eleuterio Quilodrán.

Munthu ameneyu anandiphera galu.
Sanavomerepo, koma mbale ya nyama ndinaiona kuseri kwa mpanda.
Anandisumira kukhoti chifukwa cha ngalande ya madzi a mvula.
Zaka zisanu ndi ziwiri osapatsana moni,
chiimire moyandikana ngati mitengo iwiri ya magetsi.
Tsopano shuga wamudya.
Mwana wake ali kumigodi ya kumpoto;
amatumiza ndalama, koma ndalama zilibe mawondo, sizigwada.

Chitseko chinali chotsegula pang'ono,
fungo ndilo linatuluka kudzandichingamira.
Ndinaima, beseni la tchalitchi lili m'khwapa,
ndimapita nalo kwathu kukatsuka,
thaulo likadali lonyowa ndi mapazi a anthu abwino.

Ambuye, ndinatero, uyu yekha ayi.
Nditumeni kundende, nditumeni kuchipatala,
kwa asodzi amene nyanja yawalanda maboti.
Kumwamba kunali zii.
Sitima yokha inalira kudoko.

Ndinalowa.
"Wabwera kudzaona ngati ndafa, Herminda?"
"Kwezani mwendo."
Bandeji inali itamatirira pachilonda;
ndinainyowetsa pang'onopang'ono
monga timamatulira sitampa pa envelopu.
Chala chimodzi panalibe, madokotala anadula chaka chatha.
Chidendene chinali ming'alu yokhayokha
ngati khoma lija tinkalimbirana.
Madzi anada. Ndinataya, ndinatunga ena, anadanso.
Akuti akuzizira. Ndinawonjezera otentha. Akuti ndikufuna kumuwotcha.
Sindinapsompsone phazi lake, ndisaname pamaso pa Mulungu:
ndinatsina mphuno mumtima, n'kumawerenga matailosi apansi.

Zikomo sananene.
Anangoyang'ana kudenga, nati,
"Galu uja ankauwa usiku wonse
sabata imene mkazi wanga ankatsirizika."
Sindinadziwe ngati kumeneko kunali kupepesa
kapena kutsegula mlandu wina.
Ndinangomanga bandeji yatsopano, osathinitsa.

Ndinkayesa chikondi chimayambira mumtima
n'kutsikira m'manja.
Mwina kwa ena zimatero.
Kwa ine chinayambira m'manja,
ndipo chikukwerabe masitepe a chifuwa changa,
chikupuma wefuwefu pa sitepe iliyonse
ngati nkhalamba yosenza botolo la gasi.
Sichinafike. Koma chikubwera.
Mphunzitsi wathu usiku uja
sanadumphe phazi la womupereka;
analigwira ndi manja awiri ngati ena onse,
akudziwa kumene lipite likauma.

Lachisanu ndinabwereranso.
Loweruka, mabelu asanalire, ndinabwereranso.
Pasaka anadutsa, mvula yoyamba ya dzinja inagwa,
madzi anayenda m'ngalande yathu ija
osafunsa kuti khothi linagamula zotani.
Beseni sindinabweze.
Bambo Casimiro akandifunsa ndimati, likadali pantchito, Bambo,
iwo amangondiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Dzulo ndinachedwa pamzere wogula mankhwala.
Ndinapeza chitseko chili chotsegula chonse,
ketulo ikuwira kale,
patebulo makapu awiri,
ina yopanda chogwirira, ndipo imeneyo anadzisungira yekha.
Mwendo anali atakweza kale pampando.
"Wachedwa," anatero.
Ndinakwinya manja a juzi,
ndinagwada.