Lachinayi, Wansembe Ali pa Malire

Lachinayi lililonse mu Gdańsk, m'nyumba yosanja, pamwamba penipeni,
timakankhira mbale kumbali n'kuyala mapu patebulo,
mapu amene ndinajambula ndi pensulo ya mwana wanga,
mapiri ake opendekeka, mtsinje wothera pa banga la khofi.

Kumeneko amalamulira Ondravela,
mulungu wamkazi wa apaulendo.
Ndinamuumba ine, m'kope la masamu,
chaka chomwe bondo langa lamanzere linayamba kukana masitepe.
Kachisi alibe. Ndinam'mana dala.
Guwa lake ndi mulu wa miyala pamphambano,
nsembe yake ndi nsapato yotha chidendene,
ndipo ansembe ake sagona kawiri pansi pa denga limodzi.
Wowafunsa njira amamulozera yoona,
angakhale wachifwamba, magazi akali pa lupanga.
Lamulo limeneli Halszka amadana nalo:
latibetsa kale mahatchi awiri.

Wansembe wathu ndi Bożydar.
Masiku ena amayendetsa lole ya nsomba za mufiriji,
koma Lachinayi usiku ndi M'bale Tirrok wa Ndodo Yokhota,
wa matuza opatulika, wosadziwa kusambira.
Lero pampando wake pagona mphaka.
Mwiniwake ali kum'mawa, pamzere wa malole pamalire,
tsiku lachitatu, chipale chofewa chakwirira matayala.
Foni taitsamiritsa ku botolo la nkhaka zamchere,
mawu ake akumveka ngati a munthu ali m'chitsime.

"Mundiponyere," akutero.
Mieszko akukhutchumula dayisi ya mbali makumi awiri,
akuiuzira mpweya, waponya.
Yagubuduka, yagunda kapu, yaima pa ziwiri.
Mlatho wa zingwe waduka.
Gulu lonse latsala tsidya lino la phompho
ndipo chinjoka chija chamva fungo lathu.

Foni ili zii.
Kutali wina akuliza hutala yopanda womumvera.
Kenaka: "Dobrochna, ndifunseko.
Kodi Ondravela amamva munthu woima?
Wozimitsa injini, wogona katatu
pansi pa denga lomwelo lachitsulo?
Kapena unsembe andilanda kale?"
Akuseka, koma kusekako kwathera m'chifuwa.

Ndikutsegula kope.
Muli miyambo, muli mtundu wa mikanjo,
pemphero lokwerera bwato, pemphero la wosochera,
ngakhale mtengo wa makandulo ndinalemba.
Za odikira, ayi, mulibe,
chonsecho ine zaka zisanu tsopano
ndimawerenga zombo pazenera lomweli
zikutuluka padoko popanda ine.

Ndiye ndikunama, poti ndiyo ntchito ya wogwira kope.
Chala chikuyenda patsamba loyera mbee,
ndikuwerenga mokweza zomwe palibe:
Ondravela ali ndi mwendo umodzi waufupi.
N'chifukwa chake amapuma pa mulu uliwonse wa miyala,
ndipo wokhala pansi m'mphepete mwa msewu
ali pafupi naye kuposa wothamanga.
Komanso denga la magudumu silinawerengedwepo denga.

Halszka wandiyang'ana, wayang'ana tsamba.
Waona. Watenga nkhaka, akutafuna.

"Chabwino," akutero Bożydar.
"Tirrok wavula nsapato, waiika pamiyala, wakhala pansi.
Chibwere chinjokacho, mwina chikufuna kufunsa njira."
Mieszko wagwira mutu, akuti tifa tonse.
Mwina tifadi. Dayisi ili m'manja mwanga.

Ndisanaponye, mufoni muli phokoso,
zitseko, wina akukuwa m'chinenero chimene sitichimva,
injini ikutsokomola, yadzuka.
"Tasuntha!"
Tonse tili chete, tikumvetsera matayala akuphwanya chisanu.
Kenaka mabuleki.
"Malo a malole awiri okha," akutero. "Komabe."
Batire lake lathera pomwepo.

Anzanga atsika masitepe, nsapato zawo zikuchepa m'makutu.
Mphaka sanasunthe.
Ndatenga cholembera, osati pensulo,
ndikudzaza tsamba lija msangamsanga
ndisanaiwale zimene mulungu wanga wanena,
ndipo pofika pa mwendo waufupi uja
sindikuchita kuganiza kuti ndi uti.